Chimfine chikatseka makutu, fungo n'kusowa, ndiwo n'kuzizira: chawonongeka n'chiyani m'katimo?

Wophunzira_unamwino

Akuluakulu, ndithandizeni. Tili pa mutu wa ziwalo zomvera, ndipo m'buku chilichonse anachilemba pachokha, khutu tsamba lake, mphuno tsamba lake, lilime ndi khungu chimodzimodzi. Koma odwala sabwera choncho. Wachimfine amadandaula zitatu nthawi imodzi, makutu atseka, fungo sakulimva, ndiwo zikungozizira m'kamwa ngakhale athire mchere. Pakatha sabata kapena awiri zonse zabwerera mwakale. Wina anabayidwa jakisoni wamphamvu kwa masiku angapo, makutu anayamba kulira, kumva osabwereranso. Wa shuga amaponda munga osadziwa mpaka bala kuyamba kununkha.

Kodi ziwalozi zimalumikizana pati, ndipo munthu ungadziwe bwanji kuti vuto ili n'longodutsa, ili n'lokhalitsa? Ndikufuna tsatanetsatane weniweni, mayina a ziwalo, miyezo yake, ndi zimene ndingayeze pa chipatala chaching'ono chopanda makina. Zikomo.

Wa_ku_ENT

Achemwali, poyambira ndi apa. Chiwalo chomvera chilichonse chili ndi njira imene chinthu chakunja chimadzera, maselo amene amasandutsa chinthucho kukhala uthenga wamagetsi, ndi mtsempha wopititsa uthengawo ku ubongo. Ngati yatsekeka ndi njira, mukaitsegula munthu amachira. Ngati afa ndi maselo, zimatengera kuti a pamalopo amamera ena kapena ayi. A m'mphuno ndi a palilime amamera. A m'khutu samera. Ine ndifotokoza khutu, zinazo anzathu athandiza.

Phokoso ndi mpweya umene ukunjenjemera. Khutu lakunjali limaukola n'kuulowetsa mu ngalande yotalika pafupifupi masentimita 2.5. Kumapeto kwake kuli nembanemba, ena amati ng'oma ya khutu, yotambalala pafupifupi sentimita imodzi koma yopyapyala zedi, mamilimita 0.1 okha. Kuseri kwa nembanembayo kuli kachipinda kodzaza mpweya momwe muli timafupa titatu tolumikizana, malleus, incus ndi stapes. Ka stapes ndi kafupa kakang'ono kuposa onse m'thupi, mamilimita 3, ndipo kamakankha pa kazenera kolowera mu cochlea, chiwalo cha m'kati mwenimweni mwa khutu momwe muli maselo omva mawu. Timafupati tilipo chifukwa mu cochlea muli madzi, ndipo phokoso lochokera mu mpweya likagunda pamadzi lambiri limangobwerera. Ndiye mphamvu yonse imene nembanemba yakola imaunjikidwa pa kazenera kochepa ka 17 poyerekeza ndi nembanembayo, timafupa n'kuwonjezerapo pang'ono, kukankhako n'kukula pafupifupi ka 20.

Cochlea ndi kachubu kopindika ngati chigoba cha nkhono, kozungulira kawiri ndi theka, ndipo mutakatambasula kangafike mamilimita 35. M'kati mwake mwandanda maselo okhala ndi timaubweya pamwamba, pafupifupi 3,500 a mzere wam'kati ndi 12,000 a mizere yakunja m'khutu lililonse. Madzi akagwedezeka timaubweyato timapindika, timakomo ta pa selo n'kutseguka, potaziyamu n'kulowa, uthenga n'kunyamuka pa mtsempha wa nambala 8 (mitsempha yochokera ku ubongo imatchulidwa ndi manambala). Mawu oonda, monga likhweru kapena kulira kwa nkhululu, amagwedeza poyambira pa kachubuka, pomwe mawu a besi amakagwedeza kunsonga. Georg von Békésy analandira mphoto ya Nobel mu 1961 chifukwa chotulukira zimenezi. Khutu la mwana wathanzi limamva kuyambira 20 Hz mpaka 20,000 Hz (Hz ndi chiwerengero cha kunjenjemera kwa mawu pa sekondi imodzi). Poyambira paja ndi pamene pamayamba kutha munthu akamakula, n'chifukwa chake agogo amati, "Ndikumva kuti mukuyankhula koma mawu sindikuwagwira." Zilembo ngati s, f ndi ts zili m'gulu la mawu oonda. Kuwakuwira sikuthandiza kwenikweni. Ayang'aneni kumaso, yankhulani mosathamanga, wailesi izimitsidwe.

Tibwere ku chimfine. Kachipinda ka timafupa kaja kamalandira mpweya kudzera mu Eustachian tube, kanjira ka masentimita pafupifupi 3.5 kotulukira kuseri kwa mphuno, kumtunda kwa mmero. Nthawi zambiri kamakhala kotseka, kamatseguka tikameza kapena kuyasamula. Chimfine chikatupitsa pakhomo pake, thupi limayamwa mpweya wa m'kachipindamo wina osalowa, nembanemba imakokekera m'kati n'kuuma gwa, nthawi zina madzi n'kudzazamo. Cochlea ili bwinobwino, mawu ndi amene akulephera kufikako. Kutupa kukaphwa kumva kumabwerera, ngakhale madziwo angatenge milungu ingapo, kwa ena mpaka miyezi itatu, kuti aume. Mwa ana kanjiraka n'kakafupi ndiponso kogona chopingasa, choncho majeremusi a m'mphuno amakwera mosavuta. Mafinya akadzaza mwana amachezera kulira akugwira khutu. Nembanemba ikabooka ululu umatha mwadzidzidzi, mafinya n'kuyamba kutuluka, ndipo apa makolo ambiri amaganiza kuti mwana wachira.

Mafinya akatuluka masiku 14 kapena kuposa, vutolo lakhazikika. Potani kansalu koyera kapena tishu yolimba, lowetsani, dikirani kanyowe, tulutsani, bwerezani mpaka katuluke kouma. Muzichita zimenezi katatu patsiku, kenako madontho a ciprofloxacin. Madzi asalowe posamba. Kuseri kwa khutu kukatupa n'kumapweteka mukagwira, kapena khosi likauma thupi likutentha, tumizani wodwalayo tsiku lomwelo.

Kuti musiyanitse njira yotsekeka ndi cochlea yowonongeka, tengani tuning fork (kachitsulo ka mphanda kamene kamalira mukakamenya) ya 512 Hz, iikeni pakati pa mphumi ikulira. Mawu akamveka kwambiri ku khutu lodwala, vuto lili panjira, kaya ndi phula, madzi kapena nembanemba yobooka. Akathawira ku khutu labwino, chavulala ndi cochlea kapena mtsempha wa khutu lodwalalo. Ngati mulibe tuning fork, atseke pakamwa ang'ung'udze kuti "mmmm" n'kukuuzani kumene akumva kwambiri, mutanthauzire chimodzimodzi. Khutu limodzi likasiya kumva mwadzidzidzi, mukasuzumira m'kati muli moyera, mawu n'kumathawira ku khutu labwino, ameneyo asagone pakhomo. Mankhwala a steroid amathandiza akayambidwa m'masiku oyambirira, isanapite milungu iwiri. Chimandiwawa n'chakuti ambiri otere amangouzidwa kuti ndi phula, nthawi n'kudutsa.

Za jakisoni mwanenazo, gentamicin, streptomycin, kanamycin ndi amikacin amalowa m'madzi a cochlea n'kupha maselo a timaubweya, kuyambira mizere yakunja. Ngozi imakula mlingo ukachuluka, masiku akatalika, impso zikakhala zofooka, kapena akaphatikizidwa ndi furosemide. Chizindikiro choyamba ndi makutu kulira, kapena kudzandira poyenda, chifukwa mbali ya khutu yothandiza munthu kuima osagwa ili pomwepo ndipo maselo ake ndi a mtundu womwewo. Wodwala akangonena zimenezi, dziwitsani adokotala jakisoni wotsatira asanabayidwe. Kwinini ndi asipirini wambiri nazonso zimaliza makutu, koma kawirikawiri zimatha munthu akasiya mankhwala. Matenda oumitsa khosi amathanso kuwononga cochlea, ndiye mwana aliyense wochira matendawa ayezedwe makutu.

Phokoso nalo limapha maselo omwewa. Pa 85 dB (dB ndi muyezo wa kukula kwa phokoso) malire ndi maola 8 patsiku, ndipo 3 dB iliyonse yowonjezera imadula nthawiyo pakati, moti pa 100 dB ndi mphindi 15 zokha. Ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene mungamukhudze ndi dzanja akumveni, phokosolo lafika powononga. Ogwira ntchito m'chigayo ndi ocheka matabwa ndi makina amafunika zotsekera makutu zenizeni, thonje silitchinga mokwanira.

Mphunzitsi_wa_Biology

Adokotala amaliza khutu, ine nditenge mphuno, chifukwa ndi imene ikusokoneza wachimfine wanu uja. Akuti ndiwo sizikukoma, koma lilime lake lili bwino. Muikeni mchere palilime, kenako shuga, kenako madzi a mandimu. Zonse azidziwa. Chasowa ndi fungo.

Maselo omva fungo sali pakhomo pa mphuno. Ali kudenga kwenikweni kwa mphuno, cha pakati pa maso, pa kachigamba ka masentimita ochepa chabe. Popuma mwachizolowezi mpweya wochepa ndi umene umafikako, n'chifukwa chake timanunkhiza mokoka tikafuna kutsimikiza. Tinthu ta fungo timayamba tasungunuka m'mamina opyapyala okuta pamalopo, kenako n'kugwira pa timaubweya ta maselo. Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya zolandirira fungo, ndipo selo lililonse limanyamula mtundu umodzi wokha. Fungo la usipa wowotcha lilibe selo lakelake. Limadzutsa gulu la maselo, utsi wa nkhuni n'kudzutsa gulu lina, ubongo n'kuzindikira potengera kasakanikidweko. Linda Buck ndi Richard Axel anatulukira zolandirirazi mu 1991 ndipo analandira Nobel mu 2004.

Kuchokera pa maselowa, timitsempha topyapyala timadutsa pa fupa la mabowomabowo lotchedwa cribriform plate n'kulowa mu olfactory bulb, pansi pa ubongo wakutsogolo. Umenewu ndiye mtsempha wa nambala 1. Uthenga wa makutu, khungu ndi lilime umayamba waima pa thalamus, malo opatsirana uthenga pakati pa ubongo, koma wa fungo umalowa mwachindunji m'zigawo zoyandikana ndi zimene zimasunga zokumbukira ndi mantha. Fungo limatha kumuchititsa munthu nseru asanaganize n'komwe kuti wanunkhiza chiyani.

Chimene mabuku ambiri amachidutsa msanga n'chakuti makomo a fungo ndi awiri. Tikamatafuna n'kumeza, mpweya wa m'kamwa umakwera kuseri kwa mmero n'kulowa m'mphuno chakumbuyo. Zimene timati kukoma kwa nkhuku yachikuda, kwa mango kapena kwa thobwa, mbali yaikulu ndi fungo lolowera khomo lakumbuyoli. Yesani ndi masiwiti awiri, lina la sitiroberi lina la chinanazi. Tsinzinani, tsinani mphuno, wina akuikeni limodzi m'kamwa. Mungomva kutsekemera basi, koma mukangomasula mphuno dzina la chipatso libwera pomwepo.

Pa chimfine wamba, kutupa ndi mamina zimangotseka njira yopita kudenga kuja. COVID-19 inaonetsa mtundu wina. Anthu ambiri mu 2020 anataya fungo mphuno zili zotseguka, chifukwa kachilomboko kamagwira maselo othandizira amene amazungulira maselo omva fungo. Ambiri anachira m'milungu yochepa, pakuti pansi pa kachigamba kaja pali maselo ambewu amene amabala atsopano moyo wonse. Atsopanowo akamalumikizana ndi ubongo nthawi zina amasokera, khofi kapena nyama yokazinga n'kumanunkha ngati zowola. N'zosautsa ndithu, koma kawirikawiri zimasonyeza kuti kuchira kwayamba. Ovuta kwambiri ndi ovulala m'mutu, monga pa ngozi ya njinga yamoto. Ubongo ukagwedezeka timitsempha tija timaduka pa mabowo a fupa, zipsera n'kutseka mabowowo, ndipo ambiri fungo silibwereranso mwakale.

Mphuno yotseka itsukidwe ndi madzi owiritsa atazizira, theka la lita muthire supuni yaing'ono imodzi yosasefukira ya mchere. Madontho otsegula mphuno monga xylometazoline asapitirire masiku 5, apo ayi mphuno imatseka kuposa kale. Fungo likapanda kubwerera pakatha milungu ingapo, pali njira yophunzitsa mphuno imene Thomas Hummel wa ku Dresden anaiyesa mu 2009. Iye anagwiritsa ntchito mafungo anayi, rozi, mandimu, bulugama ndi ma clove, kununkhiza m'mawa ndi madzulo kwa milungu 12. Chilichonse munthu anunkhize modekha masekondi 10 mpaka 20, akuganizira fungo lake mmene amalidziwira.

Poyeza fungo musagwiritse ntchito ammonia kapena Vicks. Zimenezo zimaluma mtsempha wa nambala 5, wa kukhudza ndi ululu, ndipo ngakhale munthu wopanda fungo amazimva. Tengani khofi, sopo kapena khoko la lalanje, mphuno iliyonse payokha inayo atatseka. Wotaya fungo achenjezedwe za gasi wophikira, utsi ndi chakudya chogona. Koma mbaula m'nyumba yotseka imapha ngakhale wa mphuno yakuthwa, chifukwa carbon monoxide, mpweya wakupha umene makala oyaka amatulutsa, alibe fungo.

Wophunzira_unamwino

Zikomo kwambiri nonse, zayamba kulowa. Nanga lilime palokha limagwira chiyani, aphunzitsi? M'buku lathu lina muli chithunzi chosonyeza kuti kutsekemera kuli kunsonga, kuwawa kumbuyo, mchere m'mbali. Ndipo tsabola ali m'gulu liti?

Mphunzitsi_wa_Biology

Chithunzi chimenecho chisiyeni, n'cholakwika ngakhale chikupezekabe m'mabuku. Chinachokera pa kafukufuku wa David Hänig wa ku Germany mu 1901. Iye anapeza kusiyana kochepa kwambiri pakati pa mbali za lilime, olemba a pambuyo pake n'kukukuza. Paliponse pamene pali ma taste bud, timagulu ta maselo omva kukoma, pamamva zonse zisanu, kutsekemera, mchere, kuwawasa kwa bwemba kapena malambe, kuwawa kwa kwinini, ndi umami, kumene ndi kukoma kwa msuzi wa nyama, bowa, tomato wakupsa kapena nsomba zouma. Kikunae Ikeda wa ku Tokyo anapeza mu 1908 kuti gwero la umami ndi glutamate.

Tiziphuphu timene mumationa palilime si ma taste bud, ma taste bud amakhala m'kati mwake. Tambirimbiri toyererato, ta filiform, tilibe n'komwe, ntchito yake ndi kugwira chakudya. Tofiira tomwazikana kutsogolo, ta fungiform, tili nawo ochepa. M'mbali chakumbuyo muli timizere ta foliate, ndipo kumbuyo kwenikweni kuli tikulutikulu 8 mpaka 12 tondanda mwa chilembo V, ta circumvallate, timene ena akationa pagalasi amaopa kuti ndi khansa. Taste bud iliyonse ili ndi maselo 50 mpaka 100 amene amasinthidwa pafupifupi milungu iwiri iliyonse, n'chifukwa chake lilime lopsa ndi tiyi silichedwa kuchira. Mchere ndi kuwawasa zimamveka sodiyamu kapena asidi akalowa mwachindunji m'selo, pomwe zitatu zinazo zimagwira pa zolandirira za kunja kwa selo. Zolandirira kuwawa zilipo mitundu pafupifupi 25, za kutsekemera mtundu umodzi wokha, ndipo m'pomveka, chifukwa ziphe zambiri za m'zomera n'zowawa. Chinangwa chowawa chili ndi mankhwala otulutsa cyanide, ndiye chiyenera kusendedwa, kuviikidwa m'madzi masiku atatu kapena kuposa, n'kuumitsidwa bwino chisanasinjidwe kukhala ufa wa kondowole.

Mitsempha yake ndi itatu mbali iliyonse. Wa nambala 7 umanyamula magawo awiri akutsogolo mwa magawo atatu a lilime, wa nambala 9 gawo lakumbuyo, wa nambala 10 kummero. Pokhala ndi njira zambiri chonchi, kutayiratu kukoma konse sikuchitikachitika. Chofala ndi kukoma kosokonekera. Metronidazole amasiya kakomedwe ka chitsulo, candida, matenda a fangasi, amakuta lilime ndi zoyera, ndipo m'kamwa mouma simumva bwino chifukwa chakudya chiyenera kusungunuka kaye m'malovu. Funsaninso za fodya, onani nkhama ndi mano, ndipo kumbukirani kuchepa kwa zinc.

Tsabola sali pa zisanu zija. Mankhwala ake, capsaicin, amatsegula kakhomo kotchedwa TRPV1 pa mitsempha ya ululu, kamene mwachibadwa kamatseguka kutentha kukapitirira madigiri 43. Ubongo umalandira uthenga wakuti m'kamwa mukupsa, thukuta n'kuyamba. David Julius ndi gulu lake anakapeza kakhomoka mu 1997. Capsaicin sasungunuka m'madzi, choncho wodya kambuzi akamwa madzi amangomufalitsa m'kamwa monse. Mkaka kapena chambiko ndi chimene chimathandiza.

Namwino_wa_shuga

Mng'ono wanga, pa khungu ndi pamene ndikufuna musamale kwambiri, chifukwa apa kumva kukamatha munthu sadziwa, ndipo sabwera kudzadandaula.

M'khungu muli zomvera zamitundu ingapo. Za Merkel ndi za Meissner zili pamwamba, zothithikana kunsonga za zala ndi pamilomo. Za Merkel zimamva m'mphepete ndi kukhakhala kwa chinthu, za Meissner zimamva chinthu chikayamba kuterereka m'manja. Za Pacini zili mozama ndipo zimamva kunjenjemera, za Ruffini zimamva khungu likakokeka. Zambiri mwa izi zimadalira kakhomo ka Piezo2 kamene kamatseguka selo likapanikizika. Gulu la Ardem Patapoutian linakapeza mu 2010, ndipo iye anagawana Nobel ya 2021 ndi Julius wa tsabola uja. Ululu, kutentha ndi kuzizira zimamvedwa ndi nsonga za mitsempha zongothera m'khungu popanda chokuta. Kuthithikana kwa zomverazi mungakuyeze ndi kawaya kopinda kokhala ndi nsonga ziwiri. Pachala munthu amasiyanitsa nsonga zotalikirana mamilimita 2 kapena 3, pamsana pamafunika masentimita pafupifupi 4 kuti anene kuti n'ziwiri.

Liwiro la uthenga limasiyananso. Mitsempha yonenepa ya kukhudza imathamanga mamita 35 mpaka 75 pa sekondi, yopyapyala ya ululu wobaya mamita 5 mpaka 30, yopanda chokuta ya ululu wonyeka siposa mamita 2. Munthu akapunthwa pamwala amamva kugunda kaye, kenako kubaya, kupweteka kozama kuja n'kubwera pambuyo. Kusisita pamalopo kumachepetsadi ululu, chifukwa uthenga wa mitsempha yonenepa umatchinga wa yopyapyala mu msana, monga anafotokozera Melzack ndi Wall mu 1965. Mu msanamo njira ndi ziwiri. Ululu ndi kutentha zimawolokera mbali inayo pomwe zalowera, pamene kukhudza, kunjenjemera ndi kudziwa pomwe mwendo uli zimakwera mbali yomweyo n'kukawoloka pa tsinde la ubongo. Zonse zimakathera tsidya lina la ubongo, n'chifukwa chake sitiroko ya kumanzere kwa ubongo imachititsa dzanzi mbali ya kumanja.

Shuga sayenda choncho. Amawononga mitsempha ya uthenga pamodzi ndi timitsempha ta magazi toidyetsa, ndipo yaitali kwambiri ndi imene imayamba kufa. Dzanzi limayambira ku zala za mapazi onse awiri, n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo likafika cha m'mawondo limayambanso ku zala za m'manja. Ena amamva kutentha kapena kubayabaya usiku, ena samva chilichonse. Dzanzi lotere limabweranso ndi mowa wambiri, HIV yeniyeniyo, ma ARV akale a stavudine, kuchepa kwa vitamini B12 kumene metformin wa zaka zambiri angakuyambitse, ndi isoniazid wa TB. Ndicho chifukwa isoniazid amaperekedwa pamodzi ndi pyridoxine.

Poyeza, tengani monofilament (kaulusi kolimba koyezera kumva kwa khungu) ya magalamu 10. Yambani mwamukhudza nayo pamkono kuti adziwe mmene imamvekera, kenako atsinzine. Ikani nsonga pansi pa chala chachikulu, ndiye kuphazi patsinde pa chala chachikulu ndi patsinde pa chaching'ono. Kanikizani mpaka kaulusi kapindike, sekondi imodzi kapena awiri, n'kuchotsa. Pewani pabala ndi pa khungu lokhuthala. Monofilament ikasowa chala chanu n'chokwanira. Khudzani mopepuka nsonga ya chala choyamba, chachitatu ndi chachisanu pa phazi lililonse, osakanikiza ndiponso osabwereza. Akaphonya ziwiri kapena kuposa pa zala 6 zimenezo, mapazi ali pangozi. Tuning fork ya 128 Hz pa fupa la chala chachikulu imayeza kunjenjemera. Wa shuga aliyense ayezedwe kamodzi pachaka atavula nsapato ndi sokosi, ndipo chonde musalembe kuti mapazi ali bwino musanawaone.

Kumva kukatha apa kawirikawiri sikubwerera, chimene timapulumutsa ndi phazi. Asayende chosavala nsapato ngakhale pabwalo, akutumule nsapato asanavale, ayese madzi osamba ndi chigongono osati phazi, asayandikize mapazi kumoto nyengo yachisanu, asadule khungu lokhuthala ndi lumo, ndipo aziyang'ana kuphazi tsiku lililonse kapena wachibale amuyang'anire. Thuza limodzi lokha n'lokwanira kumubweretsa ku chipatala.

Musaiwale khate. Banga loyererapo pakhungu limene siliyabwa musathamangire kulitcha chipere. Potani kathonje, khudzani khungu labwino kenako pabangapo munthu atatsinzina, aziloza pamene mwakhudza. Banga likakhala losamva, ganizirani khate ndipo mutumizeni. Kachilombo kake, kamene Armauer Hansen anakaona ku Bergen mu 1873, kamakonda mitsempha yodutsa pafupi ndi khungu, monga wa pachigongono ndi wa m'mbali mwa bondo chakunja, ndipo mitsemphayi imatupa mpaka kugwirika ndi chala. Zala zimatha makamaka chifukwa cha zilonda ndi kupsa kumene munthu sakukumva. Mankhwala ndi aulere, miyezi 6 kapena 12 malinga ndi mtundu wake, ndipo mtsempha umene wangoyamba kufooka m'miyezi 6 yapitayi ungapulumuke ndi prednisolone.

Wa_ku_ENT

Ndiwonjezere pa mtsempha wa nambala 7 umene aphunzitsi anena, chifukwa mumafunsa polumikizirana. Nthambi yake yonyamula kukoma, chorda tympani, imadutsa m'kachipinda ka timafupa kaja, pakati pa malleus ndi incus, kuseri kwenikweni kwa nembanemba. Munthu wa mafinya a zaka zambiri, kapena amene wachitidwa opaleshoni ya khutu, akanena kuti mbali imodzi ya lilime ikumva chitsulo kapena sikumva mchere, sakunama. Nkhope ikapindika mbali yomweyo ya khutu lotuluka mafinya, atumizidwe msanga.

Za phula. Limapangidwa pa gawo lakunja la ngalande ndipo limatuluka lokha, chifukwa khungu la m'ngalandemo limayenda kuchokera pa nembanemba kupita kunja. Kamtengo ka machesi, nthenga ndi ma cotton bud zimangolikankhira m'kati. Lolimba lifewetsedwe ndi madontho awiri kapena atatu a mafuta a olive kawiri patsiku kwa masiku angapo, kenako kutsuka ndi madzi ofunda a madigiri 37. Ozizira kapena otentha amayendetsa madzi a m'timachubu tothandiza kuima, munthu n'kuchita chizungulire mpaka kusanza. Khutu lobooka kapena lochitidwapo opaleshoni lisatsukidwe. Mphemvu ikalowa, thirani mafuta ife kaye musanaikoke. Nyemba kapena njere ya chimanga musaithire madzi, imafufuma n'kukanirira. Mwana wotuluka mamina onunkha mphuno imodzi yokha, suzumiranimo, kawirikawiri muli chinthu chimene anatsekeramo. Koma kabatire kozungulira ka wotchi kakalowa m'khutu kapena m'mphuno, musathire chilichonse, kachotsedwe m'maola omwewo chifukwa kamawotcha mnofu.